Tsiku Limene Ndinalephera Kudzuka Nditagwada

Ndinali ndi zaka 66 pamene thupi langa linandikana koyamba, ndipo linasankha kundikana pa nthawi ya pemphero. M'mawa umenewo ndinagwada m'chipinda monga ndinkachitira kuyambira ndili mwana, ndipo nditanena ameni ndinafuna kuimirira, koma miyendo inangoti zii, osandimvera. Ululu unalipo wochepa chabe. Chimene chinasowa ndi mphamvu. Ndinakwawa mpaka pabedi, ndinagwira m'mphepete mwake ndi manja onse awiri, kenako ndinadzikoka ngati munthu amene akutuluka m'dzenje. Panalibe wondiona, komabe manyazi amene ndinachita tsiku limenelo ndimawakumbukirabe mpaka lero. Kuyambira mawa lake ndinayamba kupemphera nditakhala pampando, ndipo ndinkadzitonthoza kuti Mulungu amaona mumtima, saona mawondo. Mawuwo ndi oona ndithu, koma ine ndinawasandutsa chofunda chobisira mantha anga.

Ndiyenera kuvomereza kuti ulesi wanga ndinali nditauveka zovala za chipembedzo kwa zaka zambiri. Ndinagwira ntchito ya pa desiki kwa zaka zoposa 35, ndipo masewera olimbitsa thupi ndinkawaona ngati zochita za achinyamata kapena za anthu okonda kudzionetsera. Wina akandilimbikitsa kuti ndiziyendako, ndinkamuyankha ndi vesi la pa 1 Timoteo 4:8, pamene Paulo akunena kuti kulimbitsa thupi kumapindulitsa pang'ono poyerekeza ndi kupembedza. Khutu langa linkangotola mawu akuti "pang'ono", n'kusiya akuti "kumapindulitsa", ndipo sindinkaganizira n'komwe kuti munthu ameneyu ankayenda maulendo ataliatali, ambiri a iwo wapansi, komanso ankadzidyetsa ndi ntchito ya manja ake yosoka mahema. Nditapuma pa ntchito zinthu zinaipiraipira. Chichewa chathu chili ndi mawu amodzi, "kupuma", onena za kusiya ntchito, kukhala pansi utatopa, ndiponso kukoka mpweya kuti ukhale ndi moyo, ndipo ine ndinakumbatira matanthauzo awiri oyambawo ndi mtima wonse, lachitatulo n'kulinyalanyaza, mpaka kukwera masitepe ochepa kunayamba kundichititsa befu.

Patatha miyezi ingapo mwana wanga wamkazi anandikakamiza kukaonana ndi dokotala. Dokotalayo, mayi wa msinkhu wa ana anga, atandiyeza mtima ndi kuthamanga kwa magazi anandiuza kuti ndikhale pampando, ndipinde manja pachifuwa, ndipo ndiziimirira ndi kukhalanso mobwerezabwereza kwa masekondi 30. Ndinakwanitsa maulendo 7 okha, pamene mwamuna wa msinkhu wanga amayembekezeka kufika maulendo 12. "Bambo, sindikupeza matenda amene akukulepheretsani kudzuka," anatero mwaulemu, "koma minofu yanuyi mwaisiya nthawi yaitali osaipatsa ntchito, ndiye yayamba kukuthawani." Kutha kwa minofu kumeneku kuli ndi dzina lake, sarcopenia, limene katswiri wa ku America, Irwin Rosenberg, analidziwitsa kwa anzake mu 1989, ndipo linachokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kusowa kwa mnofu. Munthu akapitirira zaka 30, minofu yake imachepa ndi magawo 3 mpaka 8 pa 100 alionse pa zaka khumi zilizonse, ndipo akadutsa zaka 60 imatha mofulumira kuposa pamenepo. Imene imayambirira kuchoka ndi minofu yogwira ntchito mwachangu, ija imaponya phazi kutsogolo munthu akapunthwa, n'chifukwa chake mwala umene mnyamata amangoupunthwa n'kupitirira umagwetsa nkhalamba. Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2007 anapeza kuti anthu achikulire abwinobwino, atawagoneka pabedi masiku 10 okha, anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Mpando umene ndinkauyesa bwenzi unali ukundidya mwakachetechete.

Zimenezi ndinali nditaziona kale mwa achimwene anga aakulu, ngakhale kuti pa nthawiyo sindinazimvetse. Iwo anaterereka posamba ali ndi zaka 74, nathyoka fupa la m'chiuno. Opaleshoni inayenda bwino, koma mantha oti agwanso anawakhazika pansi, kukhala pansiko kunafooketsa miyendo, ndipo kufooka kwa miyendo kunakulitsa mantha aja. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limanena kuti anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kugwa, ndipo gulu limene limafa kwambiri ndi la anthu opitirira zaka 60, koma chiwerengero chimenecho sichiphatikiza anthu onga achimwene, amene anakhalabe ndi moyo zaka zinayi dziko lawo likucheperachepera. Anasiya kupita kokapemphera, anasiya kuzonda odwala, ntchito imene ankaikonda kuposa ina iliyonse, ndipo anzawo amene poyamba ankabwera kawirikawiri anayamba kubwera patalipatali. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mng'ono wanga, masiku ano ndikamapemphera ndimangodzipempherera ndekha, chifukwa sindikudziwanso amene akuvutika kunjaku." Chikhulupiriro chawo sichinathe, koma chinasowa miyendo yochifikitsa kwa anthu, ndipo iwo eni ankamva kuti chikufota ngati mbewu yomera pamthunzi.

Chimene chinandidzutsa pampando ndi nkhani ya kafukufuku amene Maria Fiatarone ndi anzake anachita ku Boston, ndipo anamufalitsa mu 1990. Anatenga nkhalamba khumi zofooka za m'nyumba yosungirako okalamba, za zaka zapakati pa 86 ndi 96, n'kuziphunzitsa kunyamula zitsulo ndi miyendo kwa masabata asanu ndi atatu. Mwa anthu 9 amene anamaliza, mphamvu za miyendo zinakwera ndi maperesenti 174 pa avareji, awiri anasiya kuyendera ndodo, ndipo mmodzi amene sankatha kunyamuka pampando osagwira penapake anayamba kunyamuka yekha. Nditawerenga zimenezi ndinachita manyazi a mtundu wina. Ngati mnofu wa munthu wa zaka 90 umamvabe ukaitanidwa, ndiye kuti wanga sunafe, unangogona, ndipo wougoneka ndinali ine ndemwe.

Zimene ndimachita n'zosagometsa. Malangizo amene World Health Organization inatulutsa mu 2020 amanena kuti munthu wa zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zinthu zogwedeza thupi pang'ono, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri, ndiponso masiku osachepera atatu azichita zomuthandiza kuima mosadzandira. Ine ndinayamba ndi mphindi khumi zokha, ndipo panatenga miyezi inayi kuti ndifike pa mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Ndimaimirira ndi kukhala pampando osagwira, ndimakankha khoma ndi manja, ndimanyamula mabotolo odzaza madzi, ndimaima ndi mwendo umodzi pafupi ndi tebulo, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu ndimadzigwetsa pansi dala kuti ndiphunzire kudzukanso. Dokotala uja anandichenjeza kuti ndikamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo ndiziima pomwepo n'kupita kuchipatala, ndipo anandipatsanso muyeso wosavuta wa liwiro loyenera: ndiziyenda moti ndikhoza kulankhula, koma osatha kuimba. Muyeso umenewu unandiseketsa, chifukwa ndimakonda kung'ung'udza nyimbo zotamanda poyenda, ndipo tsopano ndikaona kuti ndime yonse yatuluka bwinobwino ndimadziwa kuti ndayamba ulesi.

Sindinayembekezere kuti kuyenda kungasinthe kapempheredwe kanga. Zaka zonse zija mapemphero anga anali odzaza ndi mawu, ngati a munthu wopereka lipoti kwa bwana wake, ndipo ndikangotseka maso maganizo ankathamangira ku ngongole, kwa ana, kapena ku mkangano wa dzana. Poyenda, mphindi khumi zoyambirira mutu umachitabe phokoso lomwelo, koma mapazi akagwira kayendedwe kake ndipo mpweya ukayamba kulowa ndi kutuluka mofanana, phokosolo limazilala lokha, monga madzi amatope amadikhira ukawasiya osawagwedeza. Pamenepo ndimapezeka kuti ndikupemphera ndi mawu ochepa kwambiri, mwina dzina la munthu mmodzi wodwala limene ndimalinyamula ulendo wonse, mwina osanena kanthu n'komwe. Ndinkadziwa kale kuti m'Chiheberi mawu akuti ruach, ndiponso m'Chigiriki mawu akuti pneuma, amatanthauza mpweya, mphepo komanso mzimu, koma ndinkangozidziwa monga mmene munthu amadziwira dzina la mtsinje umene sanaumwepo. Ndinazimvetsa tsiku lina pachitunda, nditaima manja ali m'chiuno, ndikupuma wefuwefu, pamene ndinazindikira kuti mpweya uliwonse umene ndikukokawu sindinaupange, sindingausunge, ndipo ndiyenera kuubweza ndisanalandire wina. Munthu amene wakhala pampando tsiku lonse saganiza za mpweya wake, choncho sauthokozanso. Ifenso tikamati "moyo" timanena za kukhalapo kwa munthu, za thanzi lake ndi za uzimu wake ndi mawu amodzi omwewo, ndipo ndikukhulupirira kuti amene anayamba kulankhula motero sanalakwitse.

Anzanga ena achisilamu a zaka 72, amene timayendera limodzi kawiri pa sabata, anaseka nditawafotokozera za m'mawa uja. "Akulu, inu munkagwada kamodzi patsiku," anatero, "ife tikusewera masewera amenewo kasanu patsiku kuyambira tili anyamata." Swala iliyonse, kutanthauza pemphero la Asilamu, ili ndi kuimirira, kuwerama, kugunditsa mphumi pansi ndi kukhala, ndipo magawo a swala zokakamizidwa amakwana 17 patsiku. Anandiuzanso kuti chipembedzo chawo chimalola munthu amene sangathe kuima kuti aswali atakhala, ndipo ngati kukhalako kwakanika, atagona chammbali. Mbali ziwirizi zinandikhudza mofanana: thupi limaitanidwa kuti lipembedze nawo, ndipo likalephera silithamangitsidwa. Anthu a zikhulupiriro zambiri anazindikira kalekale kuti mapazi amapemphera. Abuda ali ndi kusinkhasinkha kochita akuyenda pang'onopang'ono, ndipo Akhristu amene amapita ku Santiago de Compostela ku Spain salandira chikalata cha ulendo wawo wapansi pokhapokha atayenda makilomita osachepera 100.

Tsono pali msampha umene sindinauone, ndipo ndinakodwamo mutu ndi miyendo yomwe. Patatha chaka ndinkatha kunyamuka pampando maulendo 15 pa masekondi 30, mimba inaphwa, ndipo anthu anayamba kundiuza kuti sindikuoneka ngati wa zaka zanga. Mawu amenewo ndi okoma ngati uchi, ndipo amaledzeretsa. Ndinayamba kuwerenga mapazi anga pafoni usiku uliwonse monga mmene waumbombo amawerengera ndalama, ndipo tsiku limene chiwerengero chachepa ndinkagona wokwiya. Choipitsitsa n'chakuti ndinayamba kuyang'ana anzanga oyendera ndodo ndi diso loweruza, ndikumati mumtima mwanga anadzichititsa okha. Ndinkakonda kusimba za Fauja Singh, bambo wa chipembedzo cha Sikh amene anathamanga mpikisano wake woyamba wa makilomita 42 ku London mu 2000 ali ndi zaka 89, n'kumalizanso wina ku Toronto mu 2011 pa zaka zimene iye ankati ndi 100, ngakhale kuti a Guinness World Records, amene amalemba za anthu oposa onse padziko, sanavomereze chifukwa analibe chikalata cha kubadwa. Ndinkasimbanso za Madonna Buder, sisitere wa Katolika wa ku America, amene mu 2012, ali ndi zaka 82, anamaliza mpikisano wa Ironman ku Canada, wosambira makilomita 3.8, kupalasa njinga makilomita 180, kenako kuthamanga makilomita 42. Nkhani zimenezi ndi zoona ndipo n'zosiririka, koma ine ndinkazigwiritsa ntchito molakwika, ngati umboni wakuti munthu wakhama akhoza kuuzemba ukalamba. Ndinkaiwala kuti Singh anayamba kuthamanga pofuna kupirira chisoni atamwalira mkazi wake ndi mwana wake wamwamuna, ndiye kuti chimene chinamuimiritsa chinali bala la mumtima. Iye anamwalira mu July 2025 atagundidwa ndi galimoto akuyenda pamsewu kwawo ku Punjab, miyendo yake ikadali yolimba.

M'Baibulo muli nkhalamba ziwiri zimene tsopano ndimaziika pamodzi. Kalebe, pa Yoswa 14, akunena ali ndi zaka 85 kuti mphamvu zake zikadali monga zinalili zaka 45 zapitazo, ndipo akupempha dziko lamapiri kuti akalilande. Ameneyu ndiye ndinkamukonda m'chaka changa cha kunyada. Koma pa 2 Samueli 19 pali Barizilai, wa zaka 80, amene anadyetsa Davide pa nthawi imene ankathawa Abisalomu. Mfumu itamuitana kuti akakhale nayo ku Yerusalemu, iye anakana, n'kunena mosabisa kuti sakumvanso kukoma kwa chakudya ndiponso sakumva mawu a oimba, ndipo anapempha kuti angoiperekeza pang'ono kutsidya la Yorodano kenako abwerere kwawo. Sanadandaule, sananamizire unyamata, ndipo anayenda mtunda umene akanatha. Malemba sakumudzudzula Barizilai kuti bwenzi atalimbikira ngati Kalebe. Tonsefe timapempha masiku ambiri, koma walira mvula walira matope, ndipo matope a moyo wautali ndi maso achimbuuzi, makutu ogontha ndi mawondo olira.

Matope anga anafika chaka chatha, pamene bondo lamanzere linatupa chifukwa cha nyamakazi ndipo ndinakhala masabata asanu ndi limodzi osayenda ulendo wanga wa m'mawa. Ndinakwiya ngati munthu amene wabedwa, ndipo mkwiyowo unandionetsa kuti mumtima mwanga ndinali nditachita pangano limene Mulungu sanasainire, lakuti ine ndiziyenda mphindi 30 ndipo iye azindisungira thupi. Kulimbitsa thupi kumachepetsa ngozi ya matenda a mtima, a shuga ndi kugwa, ndipo zimenezi zinayamba kuoneka kale mu 1953, pamene Jeremy Morris anapeza kuti makondakitala a mabasi osanjikizana a ku London, amene ankakwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse, ankadwala mtima mocheperapo kuposa madalaivala amene ankangokhala. Koma kuchepetsa ngozi si kuithetsa, ndipo thanzi si malipiro a khalidwe labwino. Ndikudziwa mayi wina amene anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, ngakhale kuti anali wolimbikira ntchito moyo wake wonse. Tsiku lililonse amakweza dzanja lofookalo ndi dzanja lamphamvu maulendo makumi awiri ali panjinga yake ya anthu olumala, ndipo akuti ulendo uliwonse amatchula dzina la mmodzi wa adzukulu kapena anansi ake. Sindikudziwa mapazi angati amene ndingaponde kuti ndifike pamene iye ali.

M'masabata amenewo ndinasinkhasinkha kwambiri mawu amene Yesu anauza Petro pa Yohane 21:18, akuti ali mnyamata ankadzimanga yekha m'chiuno n'kupita kumene wafuna, koma akadzakalamba adzatambasula manja ake ndipo wina adzamumanga n'kupita naye kumene sakufuna. Ndikudziwa kuti mawuwo ankanena za imfa imene Petro adzafe, komabe nkhalamba iliyonse imawamva ngati akunena za iyo. Ndinazindikira kuti chimene ndinkaopa m'mawa uja pambali pa bedi sichinali imfa, ndinkaopa kuthandizidwa. Moyo wanga wonse ndinali wopereka, wolipirira ena, wonyamula ena, ndipo ndinkatcha zimenezi kutumikira, osazindikira kuti mbali ina inali kukana kukhala ndi ngongole kwa munthu aliyense. Mkazi wanga atandiveka nsapato kwa nthawi yoyamba chifukwa sindinkatha kupinda bondo, ndinayang'ana kumbali. Iye anangoti, "Bambo, mwandiveka zaka zonsezi, ndiloleni inenso," ndipo ndinasowa choyankha.

Bondo litaphwa ndinayambiranso pa mphindi khumi, ndipo foni ndimaisiya kunyumba. Ndimalimbitsabe thupi mwakhama, mwinanso kuposa kale, chifukwa ndikufuna kuti pa zaka zimene zatsalazi ndizitha kufika pakhomo pa wodwala, kunyamula mdzukulu, ndiponso kuchepetsako katundu amene ana anga adzasenze tsiku limene ndidzalephereretu. Njira yanga ya Lachinayi ndinaisintha kuti izidutsa kwa bambo wina amene sakuthanso kutuluka m'nyumba, ndipo ndikafika ndimawauza amene wabadwa, amene wadwala ndi amene wachira, kuti akhale ndi anthu owapempherera. Nthawi zina timachita limodzi masewera a pampando aja, iwo atatu, ine khumi, tikuseka.

Ndinabwereranso kugwada, ngakhale kuti si tsiku lililonse, ndipo pansi ndimayalapo pilo. Kudzuka kuli ndi dongosolo lake limene ndinachita kuphunzira: ndimaponda phazi lamanja kutsogolo, ndimaika manja onse pantchafu, ndimakoka mpweya, kenako ndimakankha pansi ndi chidendene uku ndikuutulutsa. Mpando umakhala pafupi, ndipo masiku ena ndimaugwira. Sabata yatha mdzukulu wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi analowa m'chipinda ndili pakati pa dongosolo limeneli, phazi ndaponda kale, manja ali pantchafu. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anabwera pafupi n'kutambasula kadzanja kake. "Agogo, gwirani pano ndikudzutseni," anatero. Tsiku limenelo bondo linali bwino ndithu, ndipo ndikanatha kuimirira ndekha. Ndinagwira kadzanjako, iye anakoka ndi mphamvu zake zonse mpaka kuluma mano, ndipo nditaimirira anathamangira panja kukauza agogo ake aakazi kuti wandinyamula yekha.